Chidindo cha Chala: Za Chibalo ndi Kontalato

Abale ndi alongo amene mukutsogolera makalasi a akulu, mwezi uno tikambeko za pepala limene munthu amasayina polowa ntchito, lija timati kontalato. Kuno ku Lifidzi ndi Angónia yense mawu amenewa si achilendo. Agogo athu ankawadziwa, koma ankawatchula mwamantha.

M'chaka cha 1899 boma la Apwitikizi linaika lamulo lakuti mwamuna aliyense wakuda ayenera kugwira ntchito, wokana agwidwe. Mu 1942 Bwanamkubwa Bettencourt analilimbitsa: mwamuna wa zaka 18 mpaka 55 aonetse kuti wagwira ntchito miyezi 6 pa chaka. Kamunda ka chimanga ka pakhomo sikankawerengedwa ngati ntchito. Chibalo ndi chimenecho.

Kachitidwe kake kanali kotere. Kampani inkapempha anthu kuboma ku Vila Coutinho, kumene lero timati Ulónguè. Boma linkatuma asipayi kwa mfumu, ndipo mfumu poopa mbalamatodya inkaloza nyumba. Ambiri anatsikira ku minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates ku Marromeu ndi Luabo, anthu ozolowera mphepo ya kumapiri nkukapsa ndi dzuwa ndi malungo. Gawo lina la malipiro ankalisunga kufikira munthu atabwerera kwawo, msonkho nkuchotseratu pomwepo. Chodabwitsa nchakuti pa pepala munthu wogwidwa usiku ankalembedwa kuti contratado, ngati kuti anavomera yekha. Umboni wake? Chidindo cha chala pansi pa mawu a Chipwitikizi amene sanawawerenge. Nchifukwa chake anyamata ankalumpha malire kupita ku Dedza ndi Ntcheu, ena mpaka ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, nkumadzitcha Anyasa.

Mu 1961 dziko la Ghana linasumira Portugal ku bungwe la dziko lonse loona za ntchito, la ILO, ndipo mu 1962 chibalo chinathetsedwa m'malamulo. Ufulu utabwera, bungwe la antchito la OTM linayamba mu 1983, koma linali m'manja mwa chipani. Antchito a m'mizinda atanyanyala ntchito mu Januwale 1990, malamulo aakulu a dziko a chaka chomwecho anavomereza ufulu wonyanyala ndi woyambitsa sindikato. Lamulo la ntchito la 2023 likuti nthawi ya ntchito ndi maola 8 pa tsiku, 48 pa sabata, ndipo mayi wobereka apume masiku 90.

Zonsezi nzabwino. Koma sindikato mudzaipeza ku Tete ndi ku migodi ya malasha ku Moatize. Kuno kwathu wantchito ndi waganyu, wabusa wa ng'ombe, mnyamata wolima fodya amene auzidwa kuti "udzalandira tikagulitsa." Pofika nthawiyo bwana akuti ufa, mchere ndi sopo zadya ndalama zonse. Kodi sizikufanako ndi zija za agogo? Ndipo tisabise, bwanayo nthawi zambiri si mzungu ai, ndi Mkhristu mnzathu, mwina mkulu wa mpingo, amene Deuteronomo 24 amamletsa kugoneka malipiro a mmphawi.

Tsono m'kalasi chitani chonchi. Lembani pa bolodi kontalato yachitsanzo m'Chinyanja, ya mizere yochepa. Ophunzira aiwerenge mokweza, apeze okha dzina la bwana ndi la wantchito, mtundu wa ntchito, ndalama ndi tsiku lolipira. Za chakudya muchedwepo, pakuti milandu yambiri imabadwira pamenepo: kodi nchaulere kapena ndi ngongole? Kenaka aikopere m'makope awo kawiri, pepala lina la bwana lina la wantchito, pansi pasayinenso mboni ziwiri. Amene sanathe kulemba dzina lonse ayambe ndi chilembo choyamba, mawa awonjeze chachiwiri.