Mphika wa nyemba womwe unaulula tsankho ku Japan

Mu filimu ya An, yomwe Naomi Kawase anatulutsa mu 2015, simulira mfuti ndipo palibe wothamangitsa mnzake. Muli gogo Tokue wa zaka 76, yemwe akuphunzitsa Sentaro, wantchito wa pakasitolo kena, kuphika nyemba zofiira zoika m'kati mwa dorayaki, timikate tiwiri tomatidwa ndi phala la nyemba lotsekemera. Kusanache ali kale pamoto: kuwiritsa, kutaya madzi owawa, kudikira. Kamera nayo imadikira. Ena amati mafilimu otere ndi odzetsa tulo, koma kudekhako ndiye msampha wake. Woonera akayamba kukhulupirira manja a gogoyu, mphekesera imabuka yoti zala zake zopindikazo ndi zipsera za khate, ndipo makasitomala omwe ankaima pamzere amazimiririka. Dziko la Japan linathetsa lamulo lotsekera odwala khate kwaokha mu 1996, patatha zaka zambiri mankhwala atapezeka. Kawase sachita kulalikira zimenezi. Amangoonetsa kasitolo kopanda ogula.

Funso la mafilimu onga An ndi lakuti ndani aloledwa kudya pafupi ndi mnzake, komanso chakudya cha m'manja mwa yani chomwe anthu angalandire. Mu filimu ina, Midnight Diner, mwini kalesitilanti ka ku Shinjuku, yemwe amaseweredwa ndi Kaoru Kobayashi, amatsegula pakati pa usiku mpaka 7 koloko m'mawa, n'kumaphika chilichonse chomwe mlendo wapempha bola zipangizo zilipo. Chigawenga cha yakuza, wovina m'mabala ndi kalaliki wotopa amakhala pa thebulo limodzi. Masana anthuwa sangapatsane ngakhale moni.

Chidzudzulo china n'chomveka. Akuti mafilimuwa amaphimba bala ndi msuzi wotentha, pomwe kusungulumwa kunafika poti boma la Japan linasankha nduna yoona za vutoli mu 2021. Zoonadi, alipo ena ongotsekemera, oyenera kuitanira alendo okaona malo basi. Koma mlandu umenewu sungagwere An. Makasitomala aja sabwera kudzapepesa, mwini sitolo amaumirira kuti gogoyo achoke, ndipo Tokue amamwalirira kumalo komwe anamutsekera ali mtsikana. Filimu yofuna kungotonthoza anthu ikanawayanjanitsa pomaliza; Kawase anakana, ndipo anachita bwino.