Mpweya M'mabuleki: Mdani Wobisala Pa Ulendo Wa Banja

Loweruka m'mawa, tikayenda m'mbali mwa msika wa Soweto kufupi ndi msewu wa Lumumba, timapeza azibambo a ku Kabwata, Chelstone ndi Woodlands akunenerera mitengo ya zitsulo za magalimoto. Wina wagula paipi ya mabuleki, wina silinda ya ku wilo, ndipo onse akubwerera kwao kukadzimangira okha pansi pa mtengo wa mango, popeza ndalama ya makanika n'njosowa. Khama lotere n'loyamikika. Koma paipi ikangomasulidwa, mumalowa mdani amene maso samuona, ndiye mpweya.

Mabuleki a galimoto amagwira nchito potsata lamulo limene anafotokoza Blaise Pascal wa ku France (1623-1662): madzi kapena mafuta otsekeredwa m'paipi akakankhidwa ku mbali imodzi, mphamvuyo imafika ponseponse. Mafuta sapanikizika, koma mpweya umapanikizika. Conco phazi likaponda, mphamvu imathera pa kufinya mpweyawo m'malo mofika ku mawilo. Cizindikiro cake n'cakuti copondera cimafewa ngati siponji, nicitsika mpaka pansi.

Mdani waciwiri ndi cinyezi, pakuti mafuta a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa madzi a mumpweya. A DOT 3 atsopano sayenera kuwira asanafike pa madigiri 205, koma akamwa madzi akhoza kuwira pa 140. A DOT 4 amatsika kucoka pa 230 kufika pa 155. Tiganizire banja limene likupita ku maliro ku Chipata, galimoto yodzaza, likutsika mapiri a Manenekela pa msewu wa Great East. Mabuleki atentha, mafuta akale awira, nthunzi yadzaza m'mapaipi, ndipo woyendetsa aponda popanda comugwira. N'cifukwa cake opanga magalimoto ambiri amalangiza kusintha mafutawa pa zaka ziwiri zilizonse.

Nanga mpweya tiucotsa bwanji? Mutu umodzi susenza denga: nchitoyi imafuna anthu awiri. Tikonzeretu sipanala yoyenera, kapaipi ka pulasitiki koonekera mkati, botolo loyera, ndi mafuta atsopano osatsegulidwa a mtundu wolembedwa pa civundikiro ca kathanki. A DOT 5 ndi a mtundu wina ndithu, sasakanizidwa ndi enawa. Galimoto iime pamalo osalala, injini yozima, mawilo ochinga, ndipo ikakwezedwa isadalire jeke yokha.

Kawirikawiri timayamba ndi wilo la kutali kwambiri ndi kathanki. Pa magalimoto athu a ciongolero ca kumanja, limeneli ndi la kumbuyo kumanzere, ngakhale buku la galimoto ndilo liri ndi mau otsiriza. Tibveke kapaipi pa kanati kotulutsira mpweya, mbali inayo imire m'mafuta pang'ono m'botolo. Bambo ali pansi aitana: "Ponda katatu, ugwire!" Mwana ali pa mpando ayankha: "Ndagwira, atate." Pamenepo bambo amasula kanati pang'ono, mafuta atuluka ndi thobvu, copondera citsika, ndipo amanganso mwanayo asanacotse phazi. Akacotsa msanga, mpweya ubwereranso mkati. Tibwereze mpaka thobvu litatha, kenaka tipite pa wilo lina.

Pa nthawi yonseyi tiziyang'ana kathanki ndi kuonjezera mafuta, cifukwa kakauma nchito yonse yapita pacabe. Mafuta otuluka asabwezedwemo. Ndi poizoni, amaononganso penti. Asasiyidwe m'botolo la zakumwa pamene ana angafike, ndiponso asatayidwe m'ngalande.

Tikatha, tiponde: copondera cikhale colimba, cosatsika cokha. Tiyese galimoto pang'onopang'ono pabwalo tisanalowe mumsewu. Ngati cikadali cofewa, kapena pansi pakudontha mafuta, kapena mpweya walowa m'makina a ABS, tisacite manyazi kuitana makanika wodziwa. Safunsa anadya phula.

Cikalata ca RTSA cosonyeza kuti galimoto iri bwino cimanena za tsiku limene anaiyesa lokha. Masiku ena onse, moyo wa ana athu okhala pa mpando wa kumbuyo, ndi wa mayi wodutsa msewu ndi dengu la tomato pamutu, uli m'manja mwa ife amene tinagwira sipanala.