KAZEMBE WA AJEREMANI AMENE ANASAUTSA MAKOLO ATHU PA NKHONDO YA CIWAYA

Inu a kwa Dambe, kwa Mlauli, kwa Chekucheku ndi kwa Symon, mwina munamvapo akuluakulu akuchula Nkhondo ya Ciwaya ndiponso nchito ya mtengatenga. Nkhondoyo, ya caka ca 1914 mpaka 1918, sinamenyedwe kuno ku Neno, koma Boma linalemba amuna m'dziko lonse lino kuti akasenze katundu wa asilikari. Tsono lero tikuuzeni za munthu amene makolo athuwo anali kumlondola zaka zinai osamgwira. Dzina lace ndi Paul von Lettow-Vorbeck.

UBWANA WACE

Iye anabadwa pa 20 March, 1870, ku Saarlouis m'dziko la Jeremani. Anayamba wamenya nkhondo ku China mu 1900. Mu 1904 anamtumiza ku dziko limene lero ndi Namibia, kumene Ajeremani anapulula anthu a mtundu wa Herero ndi Nama mwankhanza, ndipo iye analasidwa diso komweko. Mu January 1914 anafika ku dziko limene lero tikuti Tanzania kudzakhala mkuru wa asilikari onse a Ajeremani.

Asilikari ace anali ocepa. Ngakhale pamene anacuruka koposa, Azungu anali ngati 3,000 ndipo Aafirika ngati 11,000 basi. Iye anadziwa kuti sangathe kugonjetsa Angelezi, cotero nzeru yace inali yakuti aziwacedwetsa kuno, kuti asilikari aowo asapite kukathandiza ku Ulaya. Mu November 1914 anapirikitsa Angelezi pa doko la Tanga, nalanda mfuti ndi zipolopolo zambiri. Koma kuno kwathu anthu ace analephera, pakuti pa 9 September, 1914, asilikari a K.A.R. anawabweza pa Karonga.

MIZINGA YA M'SITIMA

Mu July 1915 Angelezi anaphwanya sitima ya nkhondo yochedwa Königsberg pa mathiriro a mtsinje wa Rufiji. Ajeremani anazulamo mizinga 10 yaikuru, naiika pa mikombero kuti izigwira nchito pamtunda. Amene anali kuikoka m'matope ndi m'mapiri anali anthu akuda mazanamazana. Pomatha caka ca 1917 mizinga yonseyo inali italandidwa kapena kuonongedwa ndi eni ace, popeza inali yolemera kuthawa nayo.

Mfumu ya Ajeremani inakondwera naye kwambiri. Mu 1916 inampatsa mendulo yoposa zonse ya asilikari a kwao, yochedwa Pour le Mérite, ndipo mu 1917 inaonjezapo ulemu wina, nimkweza kukhala General.

ALOWA KWA APWITIKIZI

Pa 25 November, 1917, ataona kuti zipolopolo ndi cakudya zatha, anaoloka mtsinje wa Rovuma nalowa ku Mozambique. Tsiku lomwelo anathyola linga la Apwitikizi pa Ngomano, natenga zida zao. Kuyambira pamenepo asilikari ace anali kudya zolanda m'midzi, ndipo kumene apita anali kusiya nkhokwe zopanda kanthu. Mu August 1918 anakomana ndi asilikari a dziko lathu lino pa Lioma, ndipo anataya anthu ambiri. Kenaka anatembenukira kumpoto, nalowa m'dziko limene lero ndi Zambia. Mau akuti nkhondo yatha ku Ulaya anampeza pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi, ndipo pa 25 November, 1918, anatula zida zace ku Abercorn, kumene tsopano kuchedwa Mbala.

Atabwerera kwao mu 1919, anthu a ku Berlin anamcingamira ndi cimwemwe monga ngwazi yosagonja. Koma mu 1920 anamcotsa usilikari cifukwa anathandiza anthu ofuna kulanda Boma. Anamwalira ku Hamburg pa 9 March, 1964. Caka comweco Boma la Jeremani linabvomera kulipira asilikari ace Aafirika amene anali akadali moyo, patapita zaka 46 cithere nkhondo.

NANGA AMTENGATENGA?

Apa ndipo pali nkhani yathu. Kuti Angelezi amlondole munthu ameneyu, panafunika anthu osenza ufa, mpunga ndi zipolopolo, cifukwa miseu ya galimoto inali yocepa ndipo akabvalo anali kufa ndi matenda a kashembe. M'dziko lathu lokha amuna ngati 200,000 anagwira nchito imeneyi. Ambiri sanapite mofuna okha. Mafumu anaumirizidwa kupereka anthu. Ocuruka anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala, osati ndi cipolopolo ai. Kumudzi minda inatsala ndi amai ndi ana, ndipo nkhondo itangotha kunagwanso cimfine coopsya ca 1918. Mbusa John Chilembwe anali atadandaula kale mu 1914 kuti anthu akuda akufera nkhondo yosati yao.

Ku Zomba kuli cipilala cokumbukira asilikari a K.A.R., ndipo mwezi wa November dziko limakumbukira akufa pa nkhondo. Koma maina a amtengatenga ambiri sanalembedwe pa mwala uli wonse. Cotero tikupempha a mfumu ndi aphunzitsi kuti mufunse nkhalamba za m'midzi mwanu ngati agogo ao anapita ku Ciwaya, ndipo mulembe maina ao m'buku, ana a sukulu aziwawerenga.