Kachulu ka Mchenga Pansi pa Nyanja

Utaka wouma umene timagula pa msika kuno ku Lichinga umachokera ku Nyanja ya Niassa, ku Metangula ndi ku Meponda. Tonse timaudziwa m'mbale. Koma kodi tikudziwa m'mene nsomba zimenezi zimakwatirana?

M'nyanja yathu muli mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja limodzi ndi chambo, mbuna ndi utaka. Pafupifupi yonse siipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Pakati pa nsomba zimenezi, yosankha ndi yaikazi.

Taonani mtundu wina wa utaka umene umakonda pansi pa mchenga. Nthawi yoswana ikafika, yamphongo imaŵala thupi. Imatapa mchenga ndi pakamwa, nkukalavula pamalo amodzi. Imatapanso, nkulavulanso, masiku ambiri, kufikira itaumba kachulu kokhala ndi kabwalo pamwamba. Kachuluko si nyumba. Ana saleredwamo. Ntchito yake ndi kukopa akazi basi.

Amphongo samanga motalikirana. Amasonkhana malo amodzi ngati mudzi, aliyense ndi kachulu kake, ndipo amalimbirana malo. Katswiri wina, Kenneth McKaye, anafufuza nsombazi ku Cape Maclear, tsidya la Malaŵi. Mu 1983 analemba za bwalo lina lotalika makilomita 4, lokhala ndi amphongo okwana 50,000. Mu 1990 iye ndi anzake anaonetsa kuti akazi amapita kaŵirikaŵiri kwa amphongo a zulu zazitali. Wa kachulu kakafupi amangovina, akazi nkumadutsa. Mu 2006 akatswiri anatcha nsomba za mtundu umenewu dzina lakuti Mchenga. Ine zimandikondweretsa kuti liu lathu lili m'mabuku awo.

Yaikazi ikakhutira, imakwera pa kachulu. Imaikira mazira pang'ono, nkutembenuka msanga kuwatola ndi pakamwa. Pomwepo imatenganso mbeu ya yamphongo. Siimaliza mazira onse pamalo amodzi ayi. Imapita kwa mphongo ina, kenaka inanso. Chotero ana a m'kamwa mumodzi angakhale ndi atate angapo.

Ntchito ya yamphongo yathera pomwepo. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata 3, osadya, kufikira ana atakhwima. Chambo nachonso chimatero. Ndiye chifukwa chake yaikazi siisankha mwachisawawa: mazira ake ndi ochepa, ndipo yavutikira lililonse. Akatswiri ambiri akuganiza kuti kusankha kumeneku, kwa mtundu wa thupi ndi kwa kamangidwe, kunathandiza kuti mitundu ya nsomba ichuluke chonchi.

Tsono ganizani za khoka lokokedwa pansi pamalo otere. Limafafaniza zulu zonse tsiku limodzi. Limagwira amphongo osonkhana, pamodzi ndi akazi odzaza ana m'kamwa. Neti ya udzudzu ndiye siisiya ngakhale kamwana. Mu 2011 boma la Mozambique linaika mbali yathu ya nyanja kukhala malo otetezedwa, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja muli makomiti a asodzi oyang'anira kaphedwe ka nsomba.

Ife a ku Sanjala ambiri sitipalasa bwato, koma ndife ogula. Mukapeza chambo kapena utaka wauŵisi pa msika, tsegulani kukamwa kwake muone. Mukapezamo mazira kapena tiana, mufunseni wogulitsa kumene nsombayo inagwidwa, ndiponso ndi ukonde wotani.