Mankhwala a Ulere: Kodi Amalipira Ndani?

Inu alimi, mukadwala mumapita ku chipatala cha Boma ndi kabuku kanu m'manja. Adokotala amakupimani nakupatsani mankhwala, ndipo mumabwerera kumudzi osatulutsa ndi tambala yomwe. Kodi munayamba mwadzifunsapo kuti amalipira mankhwalawo ndani?

Tamverani tsono. Ndalama za zipatala zichokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndiyo misonkho imene inu nomwe mupereka pogula katundu m'sitolo kapena mayunitsi a foni. Mbali yachiwiri ndiyo thandizo la maiko akunja, ndipo kwa zaka zambiri thandizoli lakhala loposa theka la ndalama zonse za umoyo m'Malawi muno. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'chaka cha 2004 ndi ndalama za bungwe la Global Fund.

Ndalama zimenezi zagwira ntchito yooneka ndi maso. M'chaka cha 1992, mwa ana 1,000 obadwa, 234 anali kufa asanakwane zaka zisanu. Pofika 2016 anatsika kufika pa 63. Katemera, masikito ndi alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi anathandiza kwambiri. Kuyambira 2006 Boma linapangananso ndi zipatala zina za mishoni, za m'bungwe la CHAM, kuti amayi apakati ndi makanda azithandizidwa osalipira, Boma n'kumabweza ndalamazo.

Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. M'chaka cha 2001, ku Abuja m'dziko la Nigeria, maboma a mu Africa analonjeza kupereka K15 pa K100 iliyonse ya ndalama zao ku ntchito za umoyo, koma dziko lathu zaka zambiri silinafikepo. Ndipo mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri. Chotero m'bulu uliwonse wa mankhwala ndi chuma chosati n'kuseweretsa.

Nanga inu mungachitenji? Choyamba, musagule mankhwala a Boma pa msika kapena kwa munthu woyenda nao m'chikwama. Amenewo ngakuba, ndipo wogula ndiye alimbitsa mtima wakubayo. Mawa mwana wanu akatentha thupi, mudzauzidwa kuti mankhwala a malungo atha.

Chachiwiri, pitani ku chipatala matenda asanakule. Mwana wa malungo akafika tsiku loyamba amachira ndi mankhwala a masiku atatu. Akachedwa afunika bedi, jakisoni, mwinanso magazi.

Chachitatu, masikito amene munalandira ndi ogonamo, si otchingira dimba kapena ophera usipa.

Potsiriza, chipatala chanu chaching'ono chili ndi komiti ya anthu a m'midzi yomweyo. Adziweni anthuwo, ndipo mukaona chokhota kawauzeni iwo kapena amfumu. Chipatalacho nchanu, pakuti ndalama zanu zili momwemo.