Ndalama yofunsira malo ku yunivesite ikutsekereza ana a ku Bowe

Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, mawailesi amatamanda amene apeza mapointi ochepa. Koma kwa mwana wa ku Bowe m'boma la Dowa, chisangalalocho chimakhala cha masiku owerengeka. Kuti dzina lake liganiziridwe pa chisankho cha mayunivesite a boma, ayenera kudzaza fomu ku bungwe la NCHE ndi kulipira ndalama yomwe sibwezedwa, asankhidwe kapena asasankhidwe.

Mayunivesite a boma alipo asanu ndi limodzi: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST. Wofunsira malo ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi. Zimenezi mwana wa pa CDSS amazikwanitsa ndithu, ena atawerengera tochi ya mabatire zaka zinayi. Vuto limayamba akafika poti atulutse ndalama.

Kwa wa m'tauni ndalamayo ndi yochepa, koma tiyeni tiiwerenge ngati munthu wa kumudzi. Pali thiransipoti ya kabaza kukafika pa Madisi, minibasi yopita ku Mponela kukalipira, kujambulitsa mapepala, ndiye bandulo ya intaneti pa foni yobwereka. Zonsezi zikugwa nthawi yomwe makolo akusakasaka ya feteleza, ndalama ya fodya ndi soya itatha kalekale. Chichokereni pomwe kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse pa mndandandawu chinakwera. Bambo akayerekeza fomu ndi thumba la feteleza, kodi tingawadzudzule akasankha feteleza?

Ena anganene kuti ngongole ilipo. Inde, bungwe la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Koma ngongoleyo imapita kwa amene wasankhidwa kale. Amene walephera kulipira fomu sapezeka m'kaundula aliyense, moti palibe amene amadziwa kuti dziko lataya namwino kapena injiniya. Boma litathetsa ndondomeko ya kota mu 2020, tinauzidwa kuti kusankha kuzitengera kukhoza. Nanga kukhozako kuoneka bwanji ngati fomu sinafike n'komwe?

Ine ndikuona kuti njira ilipo, ndipo si yodula. Mabanja olandira Mtukula Pakhomo ndi odziwika kale. Ana ophunzira pa basale ya khonsolo kapena ya CAMFED maina awo ali ndi ahedi. NCHE itha kutenga maina amenewa n'kuwachotsera ndalamayo, popanda kufunsa mwana kalata ina yotsimikizira umphawi wake. Ku Britain bungwe la UCAS linayamba zotere mu 2024: ana omwe ankalandira chakudya chaulere kusukulu salipiranso akamafunsira malo.

Pamene tikudikira a ku Lilongwe, ife a kuno tisapinde manja. Khonsolo ya Dowa ndi ya Ntchisi zitha kupatula kangachepe pa thumba la CDF. Aphunzitsi atha kusankha tsiku limodzi, kompyuta imodzi, ana onse okhoza adzadzaze mafomu pamodzi. Ife amene tinadutsa pa sukulu zomwezi n'kupeza digiri, aliyense alipirire mwana mmodzi chaka chino. Ahedi akudziwa mwana amene wakhoza koma wangoti zii kunyumba. Tikawafunse.