Dick Tiger: Katswiri wa Nkhonya Wodziŵa Kudikira

Anthu ambiri akamaonera maseŵera a nkhonya amaganiza kuti wopambana ndi amene akuponya nkhonya zambiri. Lero tikambirana za mwana wa mu Africa amene anasonyeza kuti nkhonya imodzi yoponyedwa pa nthaŵi yake iposa nkhonya khumi zoponyedwa mwaphuma. Munthuyo ndi Richard Ihetu wa ku Nigeria, amene dziko lonse linamdziŵa ndi dzina loti Dick Tiger.

Iye anabadwira ku Amaigbo m'chaka cha 1929. Ankamenya m'gulu lotchedwa middleweight, ndilo gulu la amuna osapitirira mapaundi 160 kulemera kwawo. Atapita ku Liverpool mu 1955, anagonja maulendo anayi otsatizana, koma sanataye mtima. Mu 1958 anagonjetsa Pat McAteer natenga lamba wa maiko a ufumu wa Britain, ndipo chaka chotsatira anawolokera ku America.

Nanga mphamvu yake inagona pati? Choyamba, Tiger anali wamfupi koma wojintcha, wa miyendo yolimba ngati mizati, kotero kuti kumkankhira ku zingwe kunali kovuta. Chachiŵiri, sankathamangitsa mnzake mwachisawawa. Ankasendera pang'onopang'ono, manja ali m'mwamba kuteteza nsagwada, kudikira kuti mnzakeyo aponye. Akangoponya, malo ena a thupi lake ankatsala poyera, ndipo pomwepo Tiger ankabwezera ndi nkhonya yokhota ya kumanzere, kaya m'nthiti kaya pachibwano. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachitatu, ankapirira nkhonya zoŵaŵa osadzandira.

Kamenyedwe aka kankawononga makamaka anthu obwera mwaukali. Gene Fullmer wa ku America anali wotere, wozoloŵera kupanikiza anzake ndi mphamvu za thupi. Mu Okotobala 1962, ku San Francisco, Tiger anakana kubwerera m'mbuyo, namlanda lamba wa dziko lonse atamenyana maraundi 15. Atakumananso ku Las Vegas analepherana, koma mu Ogasiti 1963, m'bwalo la Liberty ku Ibadan, pamaso pa anthu akwawo, Tiger anammenya Fullmer kotero kuti nkhonyazo zinaimitsidwa itatha raundi ya 7. Nayenso Rubin Carter, wodziŵika ndi nkhonya zolemera, anagwetsedwa katatu mu 1965.

Komabe luso lililonse lili ndi pofooka pake. Wodikira amasoŵa chochita ngati mnzake sakumuyandikira. Joey Giardello anazindikira zimenezi. Mu Disembala 1963, ku Atlantic City, iye ankagunda ndi dzanja lamanzere n'kuchokapo msanga, kuzungulira bwalo lonse, ndipo oŵeruza anampatsa lambayo. Tiger anatolapo phunziro. Atakumananso ku New York mu Okotobala 1965, anampanikiza Giardello kuyambira pachiyambi, osampatsa mpata wothaŵa, nabweza lamba wake.

Emile Griffith, munthu wachangu kwambiri, anamlandanso lambayo mu 1966. M'malo mopuma, Tiger anakwera kupita m'gulu la anthu olemerapo, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anagonjetsa José Torres ali ndi zaka 37. Lamba ameneyu anamtaya mu 1968 kwa Bob Foster, munthu wamtali kwambiri, amene anamgwetsa m'raundi ya 4 osadzukanso pa nthaŵi yake. Tiger anamwalira ku Aba mu Disembala 1971 ndi khansa ya m'chiŵindi.

Inu anyamata amene mukuphunzira nkhonya, musanayambe kusirira kulemera kwa dzanja la Tiger, yambani mwaphunzira kaimidwe ka miyendo yake ndi kudekha kwa maso ake. Ndipo kumbukirani za Giardello: tsiku lina mudzakumana ndi munthu wokana kukuyandikirani, ndipo pamenepo mudzayenera kudziŵa kumtsekera njira. Tsalani bwino.